MLENDO NDI MFUTI YA BOMA

Mnyamata wofuna kulowa usilikari m'dziko la Zambia amafunsidwa poyamba ngati ali nzika. Asanamuyese liwiro kapena kumupima cifuwa, ayenera kuonetsa citupa cobiriwira ca National Registration, cimene nzika imalandira ikakwanitsa zaka 16. Mlendo, ngakhale akhale wamphamvu ngati njati, amabwezedwa pakhomo.

Lamulo limeneli si la nkhanza ai. Msilikari amapatsidwa mfuti ya Boma, nadziwa kumene zida zisungidwa ndi mipata imene adani angalowerepo. Tsono dziko limene anabadwiramo likadzayambana ndi dziko limene alikutumikira, mtima wace udzatsata mbali iti? Cifukwa ca funso limeneli maiko ambiri amalemba nzika zao zokha.

Koma ku Ulaya, dziko la France linapeza njira yina. M'caka ca 1831 munali alendo ambiri m'dzikomo, ena othawa nkhondo kwao, ena asilikari akale osowa nchito. Mfumu Louis-Philippe inawasonkhanitsa m'gulu lao-lao lochedwa Foreign Legion, ndiko kuti gulu la nkhondo la alendo. Komabe Boma silinawakhulupirire kweni-kweni, pakuti lamulo la masiku aja linati gululo lizimenya nkhondo kunja kokha, osati m'kati mwa France. Motero anawatumiza ku Algeria, kumpoto kwa Africa, ndipo likulu lao linali ku Sidi Bel Abbès kufikira 1962. Lero liri ku Aubagne, pafupi ndi Marseille.

Kumeneko mwamuna wa mtundu uli wonse angathe kudzipereka, ngakhale asadziwe liu limodzi la Cifalansa. Amayesedwa thupi ndi nzeru, ndipo mbiri yace imafufuzidwa, ambiri amabwezedwa. Wolandiridwa amasaina pangano la zaka 5, naphunzira cinenero pamodzi ndi kuguba. Akatsiriza maphunziro oyamba amabvala cisoti coyera cimene gululo lidziwika naco. Akulu-akulu olamulira, ambiri a iwo, ndi a ku France komweko, pakuti mwini mudzi sapereka ndodo yonse kwa mlendo.

Codabwitsa ndi ici: kwina munthu ayamba wakhala nzika kuti akhale msilikari, koma m'gululi usilikari ndiwo umamtsegulira khomo la unzika. Akatumikira bwino zaka zingapo aloledwa kupempha kuti akhale nzika ya France. Ndipo m'caka ca 1999 anaika lamulo lakuti wolasidwa pa nkhondo angapemphe unzika osadikira zakazo, cifukwa mwazi wace wakhetsedwera dzikolo.

MAFUNSO
1. Kodi mnyamata wa ku Zambia amaonetsa ciani pofuna kulowa usilikari?
2. Cifukwa ninji gulu la alendo linatumizidwa ku Algeria?
3. Chulani njira ziwiri zimene msilikari wa gululi angapezere unzika wa France.