Phunziro 6: Kuyambira Ubwana Kufikira Imvi

Werengani: Miyambo 22:6; Estere 2:5-7; 2 Timoteo 1:5; Masalmo 71:17, 18.

Mfundo Yaikulu: Zimene mwana akumana nazo ali wamng'ono zimamtsata kufikira ukalamba, komabe munthu mmodzi womkonda angathe kutembenuza njira yake.

Ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi timadziwa kuti fodya amakonzekera pa nazale. Mbande ikasowa madzi, mlimi adzaona zotsatira zake pa tsiku logulitsa. Makolo athu anati, m'mera mpoyamba. Kodi mawu amenewa ndi oona pa moyo wa munthu?

Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri akhala akutsatira ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973. Mu 2011 anafotokoza kuti ana amene anali odziletsa pakati pa zaka 3 ndi 11, pofika zaka 32 anali ndi thanzi labwinopo, ankasunga bwino chuma, ndipo ochepa okha ndiwo anapalamula milandu. Anaonanso kuti ana ena amene anayamba opanda chiletso anachiphunzira pokula, ndipo zinthu zinawayendera bwino. Yerekezani ndi Agalatiya 5:22, 23. Kodi kudziletsa timabadwa nako, kapena kumakula monga chipatso?

Pa chilumba cha Kauai, ku Hawaii, Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 kufikira atakwana zaka 40. Mwa ana amene anakulira mu umphawi, m'ndewu ndi m'nyumba za uchidakwa, mmodzi mwa atatu alionse anakula nakhala munthu wokhazikika maganizo. Chinawathandiza nchiyani? Iwo anali ndi wamkulu mmodzi, kaya agogo, azakhali, mphunzitsi kapena mbusa, amene sanawataye. Estere anali wamasiye, koma Moredekai anamlera ngati mwana wake. Timoteo analandira chikhulupiriro kwa agogo ake Loisi ndi amake Yunike.

Kuno kwathu kafukufuku wina wakhala akutsatira mabanja a m'midzi ya ku Mchinji, Balaka ndi Rumphi kuyambira mu 1998. Pakati pa anthu a zaka 45 ndi kupitirira, anapeza kuti nkhawa ndi kuvutika mumtima zimachuluka pamene zaka zikupita ndi thupi likufooka, makamaka pakati pa amayi. Motero pemphero la pa Masalmo 71:18, la munthu waimvi wopempha kuti asasiyidwe, likumvekabe m'midzi mwathu.

Tisaganize kuti ubwana wowawa ndi chiweruzo chomaliza. Werner anaona kuti ambiri amene anasokonezeka ali achinyamata anabwerera m'njira atakula, ena chifukwa cha banja lokhazikika, ena chifukwa cha maphunziro, enanso chifukwa cholowa mumpingo ndi kutumikiramo. Khomo likadali lotseguka, koma pafunika wina woimapo ndi kuitana.

Mafunso Okambirana:

1. M'mudzi mwanu, ndi ana angati amene akuleredwa ndi agogo okha? Kodi kalasi lanu limawadziwa maina?

2. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kwakhala othawa nkhondo kuyambira mu 1994, ndipo ana ambiri abadwira komweko. Kodi mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ukutiuza chiyani za iwo?

3. Ndi nkhalamba iti imene yaleka kubwera ku Sukulu ya Sabata? Ndani wa ife adzaichezera mlungu uno?