PHUNZIRO: Thupi likatsika, tingatani kuti lisabwererenso?

Amayi anzathu, phunziro la mwezi uno likukhudza nkhani imene timakonda kuikamba mwanthabwala pamene ena mwa ife ikuwasowetsa tulo. Tonse tamuonapo mayi amene adokotala anamuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga, BP kapena kuphwanya kwa mawondo. Amalimbikira, thupi n'kutsika, mpaka kupita kwa telala kukabweza yunifomu. Pakatha zaka ziwiri timamuona akubwerera kwa telala yemwe uja kuti aimasule. Masiku ano alipo ena, ochepa ndithu, amene amapita ku India kapena ku South Africa kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Nawonso amakumana ndi funso lomweli: thupi latsika, nanga tilisunga bwanji?

Tisaganize kuti iyi ndi nkhani ya azungu kapena ya ku Namiwawa ndi ku Sunnyside kokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno, 21 anali onenepa kupitirira muyeso, ndipo m'matauni anali 36. Amenewa ndi ife tomwe a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Chirimba.

Zimene opaleshoni imachita

Opaleshoni zodziwika kwambiri zilipo ziwiri. Ina imatchedwa sleeve gastrectomy: madokotala amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, n'kusiya kachifu kooneka ngati nthochi. Inayo ndi gastric bypass: amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira, n'kukalumikiza kumatumbo cham'munsi kuti chakudya chizilambalala mbali ina. Munthu amakhuta msanga, njala imachepa, ndipo ambiri shuga wawo amatsika.

Koma mpeni supita kukhitchini. Ku Sweden madokotala anayamba mu 1987 kutsatira anthu zikwizikwi onenepa kwambiri, ena ochitidwa opaleshoni, ena ayi. Anapeza kuti thupi limatsika kwambiri m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Amene anachitidwa gastric bypass anataya pafupifupi makilogalamu 32 pa 100 alionse, koma pofika zaka 10 chiwerengerocho chinali 25. Tiyerekeze mayi wa makilogalamu 120: angatsike kufika 82, kenako n'kukwera pang'onopang'ono kufika 90. Kukwera kotere si kulephera, ndipo mayiyo akadali pabwino kusiyana ndi kale. Choopsa ndi pamene kukwerako sikuima.

Chifukwa chiyani thupi limafuna kubwerera?

Apa tiyenera kumvetsa bwino, chifukwa timafulumira kuweruza kuti mnzathu ndi wadyera. Thupi silidziwa kuti mwini wake wachepetsa kudya mwadala. Limayesa kuti kwagwa njala, choncho limayamba kusunga. Limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kusiyana ndi kale, ndiponso limatulutsa timadzi tochititsa njala. Mu 2011 madokotala a ku Melbourne, ku Australia, anafalitsa zimene anapeza pa anthu 50 amene anawachepetsera chakudya kwa masabata 10. Patatha chaka chathunthu, timadzi ta njala tija tinali tikadali tokwera, ndipo anthuwo ankamva njala kuposa asanayambe.

Tanthauzo lake n'lakuti mayi amene watsitsa thupi sangadye mofanana ndi mnzake wa msinkhu ndi sikelo yomweyo amene sananenepepo. Zimaoneka zosakondweretsa, koma ndi mmene zilili. Kusunga thupi kuli ngati kupalira: udzu sufunsa kuti munapalira kale chaka chatha.

Kwa amene anachitidwa opaleshoni, ngozi yaikulu ndi zakumwa ndi kutolatola. Kachifu kakang'ono kamakana mtanda waukulu wa nsima, koma sikakana tiyi wa masupuni atatu a shuga, thobwa, Sobo kapena Fanta, chifukwa zamadzi zimangodutsa. Sikakananso ndasi limodzi pa 9 koloko, chitumbuwa pa 11, tchipisi pang'ono podikira minibasi ku Limbe, ndi bisiketi madzulo. Munthu amanena moona mtima kuti, “Ine sindidya,” chifukwa sakhala pansi n'kudya, koma kamwa silinapume tsiku lonse. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 8. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni pafupifupi 12 patsiku, ndipo ndi bwino koposa akamalekeza pa 6.

Kadyedwe ka amene anachitidwa opaleshoni

Ife tinaleredwa kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zongopititsira. Mayi wa chifu chochepetsedwa ayenera kutembenuza zimenezi. Ayambe ndi ndiwo zomanga thupi monga usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, soya kapena nkhuku, kenako masamba monga bonongwe, mpiru ndi nkhwani, ndipo nsima ibwere pomalizira, pang'ono, makamaka ya mgaiwa. Akayamba ndi nsima malo amatha, thupi n'kuyamba kudya minofu yake. Atafune bwinobwino, asamwe madzi pakudya koma adikire mphindi 30, ndipo aleke akangomva kukhuta.

Pali china chimene ambiri amachinyozera akaona kuti ali bwino. Chifu chodulidwa sichiyamwa mokwanira ayironi, kashiamu ndi vitamini B12, choncho mapiritsi a mavitamini ndi a moyo wonse, pamodzi ndi kuyezetsa magazi kamodzi pachaka. Wosiya amayamba kuchepa magazi, kufooka ndi kuchita dzanzi m'mapazi, ndipo mitsempha ikaonongeka nthawi zina siibwerera. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac, amene timangogula mosafunsa, angabweretse zilonda m'chifu chotere. Mayi wobereka adikire miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati. Ndipo popeza dokotala amene anachita opaleshoni ali kutali, mayiyo asunge mapepala ake onse ndi kuwaonetsa kulikonse kumene akupita, kaya ku Queens kaya kuchipatala cholipira, kuti omuthandiza adziwe kuti m'mimba mwake simuli monga mwa ena.

Mbali yathu: pakamwa ndi mbale

Tsopano tibwere kwa ife, chifukwa apa ndi pamene anzathu ambiri amagwera. Mayi akatsika thupi, timamulonjera bwanji? “Amayi, mwaondatu, kwagwanji? Kodi abambo akukusungani bwino?” Ena sitifunsa n'komwe, timangonong'onezana. Tikudziwa kumene mantha amenewa anachokera. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, tinaika m'manda abale ambiri amene anayamba ndi kuonda. Kuyambira pamenepo thupi lalikulu linasanduka umboni wakuti pakhomo pali mtendere. Koma mantha amene anatipweteka nthawi imeneyo asatichititse kukankhira mnzathu ku sitiroko lero. Alipo amayi amene anabwezeretsa thupi mwadala kuti anthu asiye kuwanena, ndipo onenawo tinali ife.

Tinene pano, mongodutsa, za anzathu amene ali pa ma ARV. Mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, amanenepetsa ena, makamaka amayi. Zikatero mayi akambirane ndi a kuchipatala, koma asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi.

Nanga mbale zathu? Taganizirani mwezi umodzi wa mayi wa mumpingo muno mu Blantyre: chinkhoswe Loweruka, ukwati sabata yotsatira, bridal shower, maliro awiri, msonkhano wa amayi, ndi kukayendera wodwala kumene amatilandira ndi tiyi ndi masikono. Paliponse pali mpunga wodzaza mbale, nyama yosambira m'mafuta ndi botolo. Wokana timamuti ndi wonyada, kapena akutiganizira zoipa. “Idyani, mukuopa chiyani? Lero lokha.” Koma “lero lokha” akabwera kasanu ndi kawiri pamwezi salinso lero lokha. Kwa amene anachitidwa gastric bypass, kumukakamiza chakumwa chotsekemera si chikondi: pangapite mphindi zochepa n'kuyamba thukuta, chizungulire, kugunda kwa mtima ndi kutsegula m'mimba, ali pakati pa anthu.

Sitikunena kuti tisiye kuchereza alendo, ayi. Mlendo amalandiridwa ndi chakudya, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino. Koma tikhoza kumulola kuti adzigawire yekha. Tikhoza kuika madzi patebulo pambali pa mabotolo, shuga m'mbale yake m'malo momuthira mu ketulo, ndi nthochi, mapapaya kapena chimanga chophika m'malo mwa mandasi nthawi zonse. Mnzathu akasiya chakudya m'mbale, tisafunse mokweza. Kunyumba nakonso, mayi sangapirire kudya zakezake pamene poto wa banja lonse akusefukira mafuta. Kuchepetsa mafuta ndi mchere mu poto mmodzi kumathandiza abambo ndi ana omwe, ndipo ndi mitengo ya mafuta ophikira masiku ano, thumba nalo limapuma.

Kuyenda ndi sikelo

Ku America kuli kaundula amene anayamba mu 1994 wa anthu amene anatsitsa thupi ndi kulisunga kwa nthawi yaitali. Ambiri mwa iwo amadya m'mawa, amakwera sikelo kamodzi pasabata, ndipo amayenda kapena kuchita masewera olimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi patsiku. WHO imati munthu wamkulu aliyense asachepere mphindi 150 pasabata, koma wosunga thupi amafunika zoposerapo. Mzinda wathu uli ndi zitunda zokwanira. Chimene chatilanda miyendo ndi kabaza, amene amatitenga pa siteji n'kukatitula pakhomo penipeni. Wochokera m'tauni kupita ku Queens akhoza kutsikira patali pang'ono n'kumalizitsa wapansi. Awiri kapena atatu oyandikana nyumba akhoza kupangana zoyenda m'mawa kukangocha, chifukwa wekha umagona, koma mnzako akagogoda umadzuka. Wa mawondo ovuta ayambe ndi mphindi 10 pamalo osalala.

Sikelo tisaiope. Makilogalamu awiri obwerera ndi osavuta kuwabweza, koma 15 ndi nkhondo. Amene alibe sikelo kunyumba akhoza kugwiritsa ntchito ya kuchipatala, kapena chingwe choyezera cha telala: chiuno cha mayi chikapitirira masentimita 88 poyeza pamchombo, chiopsezo cha shuga ndi BP chimakhala chachikulu.

Pokambirana m'magulu athu, tiyambe ndi funso ili: mnzathu womaliza amene anatsika thupi pakati pathu, tinamuuza mawu otani? Kenako amayi oyang'anira zophika atiuze chimene chingasinthe pa tiyi wa msonkhano wa mwezi wamawa, ndi amene adzabweretse chingwe choyezera.