MIPOPE YA MADZI M'NYENGO YA CHISANU KU BRITAIN

Mwezi wa December anthu ambiri amene akugwira ntchito kapena kuphunzira ku Britain amabwera kumudzi kudzadya Khirisimasi ndi abale awo. Amatseka nyumba zawo ku London, ku Manchester kapena ku Glasgow, nakwera ndege, nakhala kumudzi milungu inayi kapena isanu. Kuno imakhala nthawi ya dzinja, mvula ikugwa ndipo kukufunda, koma kumene achokerako kumakhala chisanu choopsa. Ena a iwo pobwerera amakapeza siling'i itagwa, makapeti atanyowa ndi mipando itafufuma, chifukwa cha mpope umodzi umene unang'ambika iwo ali kutali. Phunziro la mwezi uno lifotokoza za ngozi imeneyi, kuti makolo adziwe chowafunsa ana awo akafika, ndiponso kuti iwo amene akukonzekera ulendo wa kumeneko apite akudziwa.

Chimene chimang'amba mpope

Zinthu zambiri zikazizira zimachepa. Madzi sali otero. Akazizira kufika pa madigiri 0 amaundana, ndipo poundana amafufuma, kotero kuti malita 100 a madzi amasanduka ayezi wofuna malo a malita pafupifupi 109. N'chifukwa chake botolo lagalasi lodzaza mpaka kukamwa limasweka likaikidwa m'firiji mbali youndanitsa.

Mumpope zimachitika motere. Madzi amayamba kuundana pamalo amodzi pamene pazizira kwambiri, ndipo ayeziyo amatseka njira ngati chitsekerero. Akamakula amakankha madzi otsala kupita kumene kuli mpope wotseka wa m'khitchini kapena m'bafa. Madzi sapanikizika ngati thonje, ndipo akasowa kolowera amang'amba paipi pamene pali pofooka, kapena kulekanitsa pamene mapaipi awiri analumikizana. Nthawi zambiri pong'ambikapo sipakhala pamene pali ayezi, koma patali ndithu.

Choipa chake n'chakuti nthawi yonse imene madzi ali oundana, palibe dontho limene limagwa. Mng'alu umaonekera tsiku limene kwayamba kufunda. Motero anthu amati kufunda ndiko kwaphulitsa mpope, pamene unang'ambika kale masiku apitawo. Mpope wong'ambika ungathe kutaya malita mazanamazana pa ola limodzi, ndipo m'nyumba yopanda munthu umataya usana ndi usiku.

Zimene zinachitikapo kale

Anthu akuluakulu a ku Britain amakumbukirabe chisanu cha 1962 mpaka 1963. Chipale chofewa chinayamba kugwa tsiku lotsatira Khirisimasi ndipo m'madera ambiri sichinasungunuke kufikira mwezi wa March. Nyanja inaundana m'mbali mwa gombe ku Herne Bay, ndipo ngakhale mipope yokwiriridwa pansi inauma, anthu n'kumatunga madzi m'zidebe pa magalimoto a madzi. Mu December 2010 ku Castlederg, ku Northern Ireland, kunazizira kufika madigiri 18.7 kunsi kwa 0. Kutafunda mwadzidzidzi, mipope inaphulika paliponse ndipo nyumba pafupifupi 40,000 zinakhala zopanda madzi. Mkulu wa kampani ya Northern Ireland Water anatula pansi udindo mu January 2011. Mu March 2018 zinachitikanso ku England ndi ku Wales, pamene makasitomala oposa 200,000 anasowa madzi kwa maola oposa anayi, ena kwa masiku angapo.

Ngakhale ku Johannesburg, kumene usiku wa June ndi July kumazizira mpaka madzi kuundana, mipope ya pabwalo nthawi zina imauma m'mamawa, koma sizifika poopsa ngati ku Britain.

Kuteteza nyumba

Malamulo a madzi a mu 1999 ku England ndi ku Wales amati paipi yopita kunyumba ikwiriridwe pansi masentimita osachepera 75, pakuti chisanu sichilowa msanga kufika pamenepo. Ngozi yaikulu ili pa mapaipi oonekera: a m'denga, a m'galaji, a m'mbali mwa khoma lakunja, ndi mpope wa pabwalo wothirira maluwa. Amenewa ayenera kuvekedwa. M'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira muli timachubu tathovu tong'ambidwa mbali imodzi, timene munthu amangoveka paipi popanda kuitana mmisiri. Pokhota ndi polumikiza pasasiyidwe pamtunda, pakuti ndi pamene chisanu chimalowera. Zovekazi sizitenthetsa madzi. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuzizira basi, ndipo m'nyumba yozizira kwa milungu yambiri mpope wovekedwa umathanso kuuma.

Nyumba zakale zambiri zili ndi thanki ya madzi m'denga. Thankiyo ikutidwe m'mbali ndi pamwamba, koma pansi pake pasaikidwe chofunda, kuti kutentha kochokera m'zipinda kuzifikako. Masiku ozizira kwambiri n'kwanzeru kutsekula pang'ono kachitseko kolowera m'dengamo. Mpope wodontha ukonzedwe chisanu chisanafike.

Chofunika kuposa zonse ndi kudziwa pamene pali chotsekera madzi a nyumba yonse, chimene Angerezi amati stopcock. Kawirikawiri chimakhala kunsi kwa sinki ya m'khitchini, ndipo chimatsekedwa pochipotoza monga mmene mivi ya wotchi imayendera. N'zodabwitsa kuti anthu amakhala m'nyumba zaka zambiri osachigwirako, ndipo tsiku la ngozi amachipeza chitalimba ndi dzimbiri. Munthu achiyese kawiri pa chaka, ndipo aliyense wa m'banjamo, ngakhale ana osinkhuka, asonyezedwe pamene chili.

Wopita ulendo wautali ali ndi njira ziwiri. Angasiye chotenthetsera nyumba chikugwira ntchito pang'ono, pa madigiri 12 kapena 13, usana ndi usiku. Kapena angatseke stopcock ndi kutsekula mipope yonse mpaka madzi atatheratu m'mapaipi. Ngati nyumbayo ili ndi thanki ndi boiler, ntchito yokhetsa madziyo ndi bwino aigwire pulambala. Ambiri amazimitsa zonse pofuna kupulumutsa ndalama za gasi kuti akhale ndi zambiri zogulira mphatso za kumudzi. Kumeneko n'kupulumutsa kobiri n'kutaya ng'ombe. Pa njira zonse ziwirizi, mnansi wokhulupirika asiyiridwe kiyi kuti azisuzumiramo masiku angapo aliwonse.

Mpope ukauma kapena kuphulika

Munthu akatsekula mpope m'mawa wozizira madzi osatuluka, ayambe wafunsa anansi ngati iwo ali nawo. Ngati ali nawo, vuto lili m'nyumba mwake. Atseke stopcock, atsekule mpope umene wauma, ndipo afunditse paipiyo pang'onopang'ono ndi nsalu zoviika m'madzi ofunda kapena botolo la madzi otentha, kuyambira kumpopeko kubwerera m'mbuyo, kuti madzi osungunuka apeze potulukira. Moto wa mtundu uliwonse usayandikire paipi. Nyumba zapsapo chifukwa cha anthu ofuna kusungunula ayezi ndi lawi la moto.

Ngati waphulika kale, atseke stopcock msanga, azimitse chotenthetsera, natsekule mipope yonse ya madzi ozizira kuti otsala atuluke. Madzi akayandikira mawaya kapena masoketi, magetsi azimitsidwe pa switchi yaikulu, ndipo asaikhudze ngati yanyowa. Siling'i ikatupa ndi madzi, pasaime munthu pansi pake. Asanayambe kukolopa ajambule zithunzi za zonse zimene zaonongeka, pakuti a inshuwalansi adzazifuna.

Alipire ndani

Timachubu tovekera mapaipi timagulidwa ndi mapaundi ochepa chabe. Kusintha chidutswa cha paipi yong'ambika si ntchito yaikulu, ngakhale pulambala woitanidwa usiku kapena pa tchuthi cha Khirisimasi amalipiritsa kwambiri kuposa masiku wamba. Ndalama zambiri zimathera pa zimene madzi aononga: siling'i, pulasitala, matabwa a pansi, mawaya a magetsi, ndi kuumitsa nyumba kumene kumatenga milungu. Pamenepo mtengo umafika mapaundi masauzande, ndipo ngati nyumbayo ndi yosanjikizana, madzi amaononganso katundu wa amene akukhala pansi.

Kampani ya madzi imasamala paipi yaikulu ya mumsewu kufikira m'malire a chiwembu cha nyumba, ndiye kuti m'malire a pulotiyo. Kuchokera pamenepo kulowa m'kati, udindo ndi wa mwini nyumba. Kwa ochita lendi ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act la mu 1985 limati mwini nyumba ndiye ayenera kukonza mapaipi. Koma wochita lendi asaganize kuti alibe mlandu. Pa mlandu wa Warren ndi Keen mu 1953, woweruza Denning anafotokoza kuti wokhala m'nyumba ya wina ayenera kuisamala, ndipo pa zitsanzo zimene anapereka panali kutseka madzi pochoka ulendo m'nyengo ya chisanu. Wonyalanyaza zimenezi angathe kulipitsidwa kapena kutaya ndalama zake za chikole.

Inshuwalansi ya mwini nyumba imateteza nyumbayo, osati zovala, mabedi ndi wailesi za wochita lendi. Zimenezi zimafuna inshuwalansi yakeyake. Ndiponso mapangano ambiri a inshuwalansi amachepetsa kapena kuchotsa chitetezo ngati nyumba yakhala yopanda munthu masiku oposa 30 kapena 60 motsatizana. Munthu amene akudziwa kuti adzakhalitsa kumudzi, kaya chifukwa cha ukwati kapena maliro, awerenge pepala la panganolo ndi kudziwitsa kampaniyo ndi mwini nyumba asanakwere ndege.