Mlandu wa Nkhanza Upite ku Bwalo Liti?

Kuwerenga: Eksodo 18:13-26

Amayi okondedwa mwa Ambuye, m'ndime yathuyi Yetero analangiza Mose kuti aike oweruza, milandu yaing'ono izithera kwa iwo, yaikulu izifika kwa Mose. Mlandu uliwonse uli ndi bwalo lake. Mayi womenyedwa akasokera bwalo amataya masiku ndi ndalama za ulendo, nabwerera ku nyumba yomwe akuiopa ija.

1. Ankhoswe, akulu a mpingo ndi amfumu

Awa amalangiza ndi kuyanjanitsa, ndipo ntchito yawo ndi yolemekezeka. Koma mawu awo sangachititse apolisi kugwira munthu amene wawanyoza. Pamene pali mabala kapena kuopseza ndi nkhwangwa, musathere pamenepa.

2. Khoti la Local Court

Limaweruza za mwambo: kutha kwa ukwati wa mwambo, chiwongo ndi kugawa katundu. Lamulo la chitetezo silitengedwa kuno.

3. Khoti la majisitireti

Ili ndilo bwalo loyenera. Lamulo la Zambia loletsa nkhanza, Anti-Gender-Based Violence Act la 2011, linapatsa khotili mphamvu yopereka lamulo la chitetezo, lotchedwa protection order. Limaletsa wankhanza kukumenyani, kukuopsezani ngakhale kukuyandikirani. Mupemphe ku khoti la dera limene mukhala kapena kugwira ntchito, kumene akhala wankhanzayo, kapena kumene nkhanzayo inachitikira. Ife a kwa Luembe tipita ku boma la Nyimba. Amene wathawira kwa abale ku Petauke angapemphe komweko, osabwerera kumudzi.

Moyo ukakhala pa ngozi, majisitireti angapereke lamulo loyembekezera mlandu usanamvedwe. Lamulo lomaliza limafika miyezi 12, ndipo lingawonjezedwe. Woliphwanya angaikidwe m'ndende mpaka zaka 2.

Zoyenera kuchita

Yambani ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Tengani fomu ya chipatala, adokotala alembe mabala asanapole. Sungani masiku amene nkhanza zinachitika ndi maina a mboni. Ngati muli kutali, imbani 933 kwaulere.

Ena adzati mwachititsa banja manyazi. Dziwani kuti lamulo la chitetezo silithetsa ukwati, limaletsa nkhanza basi. Thupi lanu ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo Aroma 13 atiphunzitsa kuti olamulira anaikidwa ndi Mulungu kuti aletse ochita zoipa.

Mafunso okambirana

(a) Mnzathu akabwera usiku ndi mabala, tidzamperekeza kuti kukacha?
(b) Kodi thumba la Chigwirizano chathu lingathandize bwanji pa ndalama za ulendo wa ku boma?

Pemphero

Ambuye, Woweruza wolungama, tetezani amayi ndi ana amene akugona ndi mantha, ndipo mutipatse ife mtima woyenda nawo mpaka ku bwalo loyenera. M'dzina la Yesu, Amen.