Mlandu Suola: Za Kupepesera Machimo

Pa bwalo la mfumu munthu wolakwa samasulidwa ndi mau okha. Akaba mbuzi ya mnzake, ayenera kuvomera mlandu, kupepesa, ndiponso kulipira. Pamenepo mpamene awiriwo angadyerenso mbale imodzi. Akuluakulu adati mlandu suola. Tchimo nalonso ndi mlandu, koma wolakwiridwa ndiye Mulungu mwini. Nanga ndani angathe kulipira mlandu wotere?

Aisraele akale ankadziwa kuti tchimo lifuna chipepeso. Buku la Levitiko, mutu 16, lifotokoza za tsiku lopepesera machimo. Kamodzi pa chaka mkulu wa ansembe ankalowa m'malo oyera koposa a Nyumba ya Mulungu ndi magazi a ng'ombe ndi a mbuzi. Pambuyo pake ankasanjika manja pa mbuzi ina yamoyo, naulula zoipa zonse za mtundu wao, ndipo mbuziyo inkapirikitsidwira ku chipululu. Koma chaka chikatha, nsembe yomweyo inkafunikanso. Kalata ya kwa Ahebri ionetsa chifukwa chake: magazi a nyama alibe mphamvu yochotsa machimo, anali chithunzithunzi chabe cha nsembe yeniyeni imene inalinkudza.

Anselmo Woyera, Arkiepiskopi wa ku Canterbury, adalongosola bwino nkhani imeneyi m'buku limene adatsiriza m'chaka cha 1098. Iye adaphunzitsa kuti woyenera kulipira ndi munthu, pakuti ndiye adalakwa. Koma wokhoza kulipira ndi Mulungu yekha, pakuti mlandu wonyoza Mulungu uposa zonse zimene cholengedwa chingapereke. Nchifukwa chake Mwana wa Mulungu adadzichita munthu. Pa mtanda Yezu Kristu, Mulungu ndithu ndi munthu ndithu, adadzipereka mwaufulu kamodzi kokha chifukwa cha anthu onse. Asaganize munthu kuti Atate adakondwera ndi zowawazo ngati mfumu yankhanza. Chimene chidakondweretsa Atate ndicho chikondi ndi kumvera kwa Mwana wao. Ndipo Atate omwewo ndiwo adayamba kukonda anthu pomtuma. Nsembe imodzi yomweyo ndiyo iperekedwa pa guwa m'Misa, popanda kukhetsanso magazi.

Tsono ena amati: ngati Ambuye adalipira zonse, mkristu watsala ndi chiyani? Msonkhano waukulu wa Aepiskopi ku Trent udayankha m'chaka cha 1551 kuti wolapa ayenera zitatu: kumva chisoni, kuulula machimo, ndi kulipira. Kulipira kumeneku sikuonjezera kanthu pa mtanda, koma kulandira mphamvu yake kuchokera ku mtanda womwewo, monga nthambi ibala zipatso chifukwa cha tsinde.

Apa mpamene ambiri apunthwa. Wansembe akakhululukira wakuba m'dzina la Mulungu, mbuzi ija siibwerera yokha m'khola la mwini wake. Wakuba aibweze. Wonamizira mnzake akonze mbiri imene adaiipitsa. Wobisa malipiro a wantchito awapereke. Zakeyo wa ku Yeriko, atalandira Ambuye m'nyumba mwake, adalonjeza kupatsa amphawi theka la chuma chake, ndi kubwezera kanayi aliyense amene adamnyenga.

Choncho mkristu wopita kukalapa asawerenge machimo ake pokha. Adzifunsenso kuti: kodi pamudzi pano alipo amene akali kulira chifukwa cha ine? Ngati alipo, njira ya ku tchalitchi idzere pakhomo pake.