Wa jeti akapatsidwa ndege ya mapulopela

Kodi ndege zankhondo zinafikapo ku Tsangano ndi ku Macanga?

Kwambiri. FRELIMO itayambitsanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, Apwitikizi anadalira bwalo la ndege la Chingodzi, pafupi ndi mzinda wa Tete. Panali majeti a Fiat G.91 oponya mabomba, ndiponso ndege za mapulopela monga Noratlas ndi Dakota zonyamula asilikali ndi katundu. Maboma awiriwa, poti ndi a m'malire, anali njira ya omenyera ufulu. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, kunabwera majeti a MiG ndi ndege zonyamula katundu za Antonov An-26.

Wa jeti angavutike bwanji ndi ndege yoyenda pang'onopang'ono?

Liwiro lokha si vuto, ngakhale G.91 inkapitirira makilomita 1,000 pa ola pamene Noratlas inkayenda cha m'ma 320. Vuto ndi manja. Jeti imamva ukangoikhudza. Ndege yonyamula katundu ili ngati ngolo yodzaza mbatata pa chitunda cha ku Tsangano: ukaikhotetsa imayamba yalingalira, ndipo wopupuluma amapyola muyeso.

Chowopsa chenicheni n'chiyani?

Injini imodzi kuzima pouluka. G.91 inali ndi injini imodzi pakati, choncho miyendo ya woyendetsa inkazolowera ulesi. Noratlas ili ndi ziwiri, kuphiko uku ndi uku. Yakumanzere ikazima, yakumanja imakankha ndege kuti ipotokere kumanzere. Woyendetsa aponde mwamphamvu chopondera chakumanja, azindikire injini yakufayo, kenako atembenuze masamba a pulopela yake kuti asamakoke mphepo. Akasokoneza n'kuzimitsa yamoyo, basi zathera pomwepo. Mpando wodziponyera kunja, umene wa jeti amaudalira, mulibemo.

Nanga mapiri amasinthapo chiyani?

Kumtunda mpweya ndi wopepuka, makamaka masana a Okutobala. Injini imachepa mphamvu, ndipo ndege yodzaza imafuna bwalo lalitali kuti inyamuke. Mabwalo a kumidzi ndi aafupi, adothi. Nyengo ya dzinja mitambo imakuta mapiri a ku Furancungo ku Macanga, ndipo ndege ya mapulopela nthawi zambiri imadutsa m'kati mwake.

Chimene chimatenga nthawi yaitali kuzolowera n'chiyani?

Anthu. Mu jeti uli wekha, zonse umagamula wekha. Mu ndege ya mapulopela muli mnzako pambali ndi makaniko kumbuyo, ndipo ntchito imagawidwa mokweza mawu. Kwa ine apa ndi pamene akatswiri ambiri amapunthwa: kumvera wamng'ono akati, "Bwana, tatsika kwambiri."