Tisanataye Chitini, Botolo ndi Jumbo

Anzanga, katundu amene tigula kugolosale amabwera atavala chovala chake: shuga m'pepala la pulasitiki, mafuta m'botolo, mkaka m'chitini. Nanga tikatha kudya, chovalacho chipita kuti? Zinyalala zimene galimoto za Khonsolo ya Blantyre zitola zimakatayidwa ku Mzedi, koma m'tinjira tambiri ta m'Ndirande galimoto sizilowa, kotero zotsalazo zithera mu Nasolo ndi mu Mudi. Mvula ikagwa ngalande zitsekeka, madzi nalowa m'nyumba.

Tsono choyamba nkupatula zinthuzi tsiku lomwelo, zisanasakanizike ndi phulusa ndi makoko a mbatata, pakuti chodetsedwa palibe achigula.

Botolo lagalasi la Fanta silivuta. Libwezeni kwa mwini golosale, likatsukidwa kufakitale ndi kudzazidwanso.

Chitini ndicho chiri ndi mwayi woposa. Pitani kumsika wa Ndirande mukaone amisiri: chitini chachitsulo achisandutsa koloboyi, ndipo zitini za zakumwa, zimene ziri za aluminiyamu, azisungunula pamodzi ndi zidutswa zina naumba mapoto. Mudzazisiyanitsa bwanji? Tengani maginito aja a m'kalasi ya sayansi. Chachitsulo chikakamira, cha aluminiyamu ai. Musaphwanye chachitsulocho, mmisiri achifuna chathunthu.

Mabotolo a pulasitiki afunidwa ndi amayi ogulitsa thobwa. Koma atsukeni ndi sopo ndi madzi abwino, popeza tonse tikumbukira kolera wa 2022 ndi 2023. Botolo limene munali mankhwala a mbewu kapena ophera makoswe lisalowenso m'khitchini ngakhale mutalitsuka kakhumi. Libooleni kuti wina asalitole nkumweramo.

Wovuta ndi jumbo wopyapyala. Boma linaletsa mapulasitiki osafika mamaikiloni 60 m'chaka cha 2015, ndipo Khoti la Suprimu linavomereza lamulolo mu 2019. Jumboyu saola, ndipo mbuzi ikamumeza amaitseka m'mimba. Enafe timakolezera mbaula, koma utsi wake uwononga chifuwa. Ine ndiona kuti kwa iye mankhwala ndi amodzi okha, kunyamula dengu popita kumsika.

Pepala la shuga lija nlolimba ndithu. Liboolereni pansi, thiranimo dothi losakaniza ndi manyowa, ndi kufesamo mtengo. Mapiri a Ndirande ndi Soche afuna mbande zambiri mvula ikayamba.